Chaka Chimene a Namapesi Anasiya Kugalauza

Pali chinthu chimene sindinachimvetse pa moyo wa a Namapesi, ndipo pano ndaleka kuyembekeza kuti ndidzachimvetsa. Munda wawo ndi wa akulu awo inalekana ndi mzere umodzi wa nandolo. Munthu akatsokomola m'munda uno, wa m'munda winawo ankamva. Komabe amayi awiriwa, obadwa mimba imodzi, analima mvula zingapo atafulatirana, aliyense akudikira kuti mnzake ndiye ayambe kuwoloka mzerewo. Sanatukwanane, sanasumirane kulikonse. Moni ankapatsana. Ine nyumba yanga inayandikana ndi yawo ndipo zambiri ndinaziona ndi maso, koma mukandifunsa chimene chinavuta kwenikweni, ndingokuuzani zimene ndinaonazo.

Ndinapuma ntchito ya uphunzitsi kalekale, ndipo padenga la nyumba yanga pali sola yaing'ono. Chifukwa cha solayo, komanso chifukwa netiweki imagwira bwino pakhonde panga, anthu amabwera kudzatchaja mafoni awo. Ambiri amangosiya foni n'kupita. A Namapesi ankakhala pansi n'kudikira.

Dzinalo linabwera pambuyo. Kale tonse tinkawatchula kuti mayi aang'ono, akulu awo n'kumati mayi aakulu, ngakhale ife amene si ana awo. Onse awiri amuna awo anamwalira. Mayi aakulu anali ndi mwana wamkazi wokwatiwa chapafupi. Mayi aang'ono anali ndi mwana mmodzi wamwamuna amene ankagwira ntchito kutauni. Kuyambira ali atsikana ankalima mobwezerana: lero onse awiri m'munda mwa wamkulu, mawa onse awiri m'munda mwa wamng'ono. Kugalauza, kupalira, kubandira, kukolola, zonse momwemo. Wina akadwala, tsiku lake silinkatayika, ankadzalibweza akachira. Makamaka mayi aakulu sankagona ndi chinthu cha mwini. Mukawapatsa mchere pang'ono m'mawa, masana mumawaona akubwera ndi tomato m'manja.

Ankalima ndi pakamwa pomwe. Dimba langa lili kumunsi kwa minda yawo, choncho ndinkawamva ngakhale ndisakufuna.

"Mzere wakowo wapindika ngati mwendo wa malemu mwamuna wako," ankatero mayi aakulu.

"Asiyeni malemu apume, akulu. Mwendo womwewo ndi umene unkakunyamulirani chimanga kupita kuchigayo."

"Unkafikitsa theka, theka n'kufesa m'njira."

"Nanga anu aja ankadziwa n'komwe kumene chigayo chili?"

Akatero ankaseka, makasu osaima. Dzuwa likakwera ankakhala pansi pa nandolo, n'kumamwa madzi a m'botolo limodzi.

Foni inachokera kwa mwana wa kutauni uja. Inali yaing'ono, ya mabatani, ndipo anaitumiza kuti azimva za mayi ake. Ankaimba mwa apo ndi apo. Mayi aang'ono ankabwera nayo kudzatchaja ngakhale moto usanathe, n'kuiyang'anitsitsa ngati nkhuku imene ikuchedwa kuikira. Tsiku lina mlangizi wa zaulimi anatenga manambala a anthu pamsonkhano, ndipo kuchokera pamenepo foniyo inayamba kulira kawirikawiri. Ankaimba ndi a bungwe lina lothandiza alimi. Sanali munthu weniweni, anali mawu ojambulidwa, koma mayi aang'ono ankawayankha mwaulemu. "Eya. Zikomo. Ndamva." Uthenga ukatha ankadina batani kuti ubwereze.

Mawuwo ankanena zinthu zimene panthawiyo zinkamveka zachilendo kwathu. Musatenthe mapesi mukakolola. Musagalauze. Yalani mapesiwo m'munda monse kuti nthaka iphimbike, ndipo mvula ikagwa kumbani mapando okha motsatira chingwe, mubzale.

"Aphunzitsi, inu munapita kusukulu, zimenezi n'zoona?" anandifunsa.

"Ine ndinkaphunzitsa masamu ndi nyimbo, mayi. Za dothi funsani eni ake."

Anafunsadi. Panali nambala imene munthu ankadina n'kunena funso lake, patapita masiku n'kumuimbira ndi yankho. Anafunsa za chiswe, anafunsa za udzu, anafunsanso ngati munthu wa msana wopweteka angakwanitse. Msana unkawavutadi, ndipo kumtunda kwa munda wawo dothi linkakokoloka chaka ndi chaka mpaka miyala inayamba kuonekera. Sindikuganiza kuti ankafuna kutchuka kapena kuposa wina. Atakolola chaka chimenecho sanatenthe kanthu. Anayala mapesi okha, pang'onopang'ono, osauza munthu.

Nthawi yogalauza itakwana, mayi aakulu anafika m'mawa khasu lili paphewa. Ine ndinali kuseri kwa mpanda wanga, ndikuthirira mbewu.

"Chaka chatha tinayambira kwanga. Chaka chino tiyambira kwako. Tiye."

"Kwanga kulibe chogalauza, akulu."

"Wadwala?"

"Ayi. Ndayala mapesi. Mvula ikagwa ndingobzala. Tiyeni kwanu."

Mayi aakulu anayang'ana mng'ono wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, koma anapita, ndipo tsikulo anagalauza limodzi. M'mawa mwake mayi aang'ono anatenganso khasu n'kulunjika kwa akulu awo. Anakumana panjira, pafupi ndi nyumba yanga.

"Dzulo unali kwanga. Lero n'kwako."

"Ndanena kale kuti kwanga kulibe ntchito."

"Ndiye ndikubwezera chiyani?"

"Musabweze. Ndingokuthandizani."

"Kundithandiza. Ukufuna anthu azinena kuti mayi aja atha, akulimiridwa ndi mng'ono wawo? Manja ndili nawo awiri ngati iwe."

"Akulu, si choncho."

"Bwerera ukamvere foni yakoyo. Ukadzafuna kugalauza, undipeza."

Mayi aang'ono anati, "Nanunso mukadzafuna kuyala mapesi, mundipeza."

Palibe anakweza mawu. Aliyense anatembenuka n'kumapita. Ine ndinkayesa kuti pofika Lamlungu zikhala zitatha.

Munda wosagalauza, kwa munthu amene sanauonepo, umaoneka ngati mwini wake wamwalira kapena wasamuka. Minda yonse inali itayera, mizere ili ndondondo, dothi lofiira lili poyera. Pakati pake panali munda umodzi wodzaza zinyalala. Anthu odutsa ankaima n'kupukusa mitu. Abambo amene amacheza pabenchi pa golosale ndi amene anapeka dzina lija.

"A Namapesi, mwadzuka? A foni akuti chiyani lero?"

"Muwauze adzakupalireninso, ife makasu tagulitsa kale."

Iwo ankangomwetulira n'kudutsa. Dzinalo linakakamira mpaka eni ake anayamba kuvomera akaitanidwa nalo.

Chaka choyambacho sichinali chodabwitsa, ndipo sindikufuna kukometsa nkhani. Udzu unawavuta, ndipo anauzula ndi manja ali okhaokha. Chimanga chinabereka monga mwa masiku onse, mwina kuposerapo pang'ono kumtunda kuja. Vuto lalikulu linali mbuzi. Anthu akakolola amamasula ziweto kuti zizidya m'minda, ndipo mbuzi za mayi aakulu zinkadutsa pa nandolo paja n'kumadya mapesi amene mng'ono wawo anayala. A Namapesi sanakadandaule. Chilimwe chotsatira anadula nthambi za minga n'kutchinga munda wonse, kuphatikizapo mbali ya nandolo imene kale ankadutsapo awiriwo ndi botolo lawo la madzi. Mayi aakulu ataona mpandawo anangoti, "Watitsekera kunja," ndipo mawuwo anayenda mpaka anafika kwa mwini mpanda.

Koma mpandawo unali ndi khomo. Ndikudziwa chifukwa waya womangira kachitseko kake anadzapempha kwa ine. Kanali ka matabwa akale, kotsegukira kumunda kwa akulu awo.

"Khomo lanu lili kale kunjira. Ili n'lachiyaninso?" ndinawafunsa.

"Apa ndi polowera akulu akadzabwera kudzafunsa."

Anandionetsanso chingwe chobzalira. Chinali chachitali, cha mfundo motalikirana mofanana, zikhomo ziwiri kunsonga kwake. Munthu amakhoma chikhomo uku, wina uko, n'kumakumba phando pa mfundo iliyonse. Mzere ukatha onse awiri amazula n'kusunthira patsogolo. A Namapesi ankachita okha. Ankakhoma mbali ino, n'kuyenda munda wonse kukakhoma mbali inayo, n'kubwerera, mzere uliwonse choncho.

"Chingwechi n'cha anthu awiri, aphunzitsi. Akulu akadzayamba, lero tidzagwira kwawo, mawa kwanga. Chobwezerana chilipo, kungoti sakuchidziwa."

"Bwanji osangopita kukawauza?"

"Anati ndikadzafuna kugalauza ndiwapeza. Ine sindikufuna kugalauza. Ndikapita ndi chingwe m'manja adzati ndabwera kudzawaphunzitsa kulima, iwo amene anandigwiritsa khasu loyamba. Afunse okha. Akangoti, iwe, zija umachita bwanji, basi."

Sindinawakakamize. Nkhani za pachibale munthu wapadera amaziyang'anira patali, ndipo ine chibadwire si wolowerera.

Mvula yachiwiri inayamba bwino, kenaka inadula chimanga chili m'mawondo. Kunachita ng'amba yaitali. M'minda yambiri masamba anapotana ngati zingwe. Kwa a Namapesi, munthu akakankha mapesi n'kupisa chala, ankapeza chinyontho. Chimanga chawo chinafota masana okha, m'mawa n'kudzuka. Abambo a pabenchi aja anayamba kudutsira njira ya kumundako ngati akupita kwina. Amayi ena anabwera poyera kudzafunsa, ndipo a Namapesi ankawafotokozera mosatopa, atagwada, akufukula dothi ndi manja. Koma polankhula maso awo ankathawira ku kachitseko kaja. Tsidya lake mayi aakulu ankabandira chimanga chawo chofota, ataweramira kwina.

Atakolola kunabwera galimoto ya bungwe lija. Munatsika mlangizi ndi mtsikana wina wonyamula makina ojambulira mawu. Anawatamanda kwambiri, ndi mawu aakuluakulu amene anthu oyenda pa galimoto amakhala nawo okonzeratu. Ine mawu otere ndimawaopa, chifukwa amamukweza munthu pamalo pamene anzake sangakhale naye. Anapempha kuti a Namapesi afotokoze njira yonse ndi pakamwa pawo, kuti alimi ena azimva mlimi mnzawo pa foni m'malo mwa mawu a muofesi. Anajambulira pakhonde panga chifukwa panalibe phokoso.

Analankhula bwino, mosathamanga. Ananena za kuyala, za chiswe chimene chimatanganidwa ndi mapesi ouma, za udzu wa chaka choyamba kuti usamufooketse munthu, za mbuzi. Nthawi yonseyo anakhala atayang'ana denga la nyumba ya akulu awo, limene limaonekera pakati pa mitengo. Pomaliza anati, "Chingwe chobzalira chimafuna anthu awiri. Musavutike nokha. Pezani mnzanu, wina uku wina uko." Mtsikana uja anati mawu amenewo ndi abwino kwambiri, sawadula.

Pasanapite nthawi mawu a a Namapesi anali m'mafoni a anthu onse. Pachitsime, pachigayo, pakhonde panga pomwe, munthu ankadina batani n'kuwamva akufotokoza. Anthu ambiri anayala mapesi chilimwe chimenecho, ndipo zinawathandiza, zimenezo sindingakane. Koma kumunda kwawo kunasiya kubwera anthu. Wofunsa ankafunsa foni, ndipo foni sinkatopa kubwereza. Nthawi zina a Namapesi ankakhala pakhonde panga akudikira foni yawo, pambali pawo munthu wina atatsamiritsa yake kukhutu, akumvera iwo omwewo, osawayang'ana n'komwe.

Tsiku lina, chilimwe chili kumapeto, anafika akuyenda mofulumira ngati mtsikana.

"Aphunzitsi, akulu ayala mapesi. Ndaona ndi maso angawa. Ayala mokhuthala kwambiri kumunsi, koma palibe kanthu, tidzakonza."

"Mwalankhulana?"

"Ayi, koma kwatsala chingwe. Chingwe alibe. Abwera."

Anachotsa udzu pa kachitseko paja. Anamasula chingwe chawo n'kumanganso mfundo zimene zinali zitasuntha. Anasema chikhomo chatsopano chifukwa chakale china chinali ndi zobaya m'manja. Anagulanso botolo lalikulu la madzi.

Mvula yobzalira inagwa, ndipo m'mawa mwake aliyense anathamangira kumunda. Ine ndinali kudimba. A Namapesi anafika ndi chingwe chawo chokulunga bwino, botolo lili m'manja, n'kuima pafupi ndi kachitseko. Asanachite kalikonse, kutsidya kunamveka mawu awo omwe. Foni ya mwana wamkazi wa mayi aakulu inali itapachikidwa pa nthambi ya nandolo, ikulankhula mokweza. Mayi aakulu anagwira chikhomo mbali ino, mwana wawo mbali inayo, pakati pawo chingwe chatsopano cha mfundo. "Pezani mnzanu," inatero foniyo, "wina uku wina uko."

Mayi aakulu anaweramuka n'kuona mng'ono wawo pampanda.

"Wadzuka, iwe?"

"Ndadzuka, akulu. Kaya inu."

"Tikukumvera wekha kuno. Ukulankhula zomveka, sunaphonye kanthu. Moti sitinafunenso kukuvutitsa."

"Chabwino."

"Koma mawuwa, ukumveka ngati mkazi wa abusa. Anakupatsa uchi asanakujambule?"

Kale a Namapesi akanabweza pomwepo, ndipo pakanakhala kuseka. Ine mpaka lero ndimaganiza kuti mayi aakulu ankatsegula khomo m'njira yokhayo imene ankaidziwa. Koma a Namapesi anangoyang'ana chingwe chatsopanocho.

"Chakhwefuka pakati," anatero.

"Tikoka," anayankha mayi aakulu.

A Namapesi anaima pamenepo kanthawi, dzanja lili pamwamba pa kachitseko. Mayi aakulu nawonso sanawerame msanga. Kenaka foni inayambiranso uthenga uja, mwana uja anaitana mayi ake kuti asunthe chikhomo, ndipo a Namapesi anapita kukakhoma chawo. Tsiku lonse ndinkawaona akuyenda munda wawo kuchoka mbali ina kupita mbali ina, mawu awo akuwalangiza kuchokera kutsidya.

Chaka chimenecho anakolola kuposa zaka zonse zimene ndinawadziwa. Pakhonde panga ankabwerabe, koma uthenga wa bungwe ukalira sankayankhanso kuti eya kapena zikomo. Ankausiya uzilankhula mpaka uthe. Za akulu awo sanatchulenso. Atakolola anayala mapesi munda wonse mwaukhondo ngati mmene mayi amayalira pogona alendo, n'kukonza mpanda pamene panagumuka.

Kenaka tsiku lina anachoka pamudzi, ndipo mpaka lero sanabwerere. Zimene zinachitika iwo atachoka n'zochepa, ndiye ndiyambe ndanena zimenezo. Mwana wawo wa kutauni uja anaimba patapita masiku, ndipo foni imene anaisiya kwa ine inalira pathebulo panga. Mayi ake kutauni sanafikeko, ndipo iye sankadziwa kanthu. Anabwera, anafunsa kwa achibale a malemu bambo ake, anafunsa kuzipatala ndi kumipingo, osapeza kanthu. Nkhokwe inali yodzaza, nyumba yosesedwa, zovala zochepa zokha ndi khasu ndi zimene zinasowa. Ena amati anamva kuti kuli mayi wa mawu ofanana nawo amene akulima kudera lina lakutali, koma mawu awo ali m'mafoni ambiri, ndipo anthu amasokoneza.

Mayi aakulu anabwera kwa ine kamodzi. Sanakhale pampando, anaima m'mphepete mwa khonde.

"Sananene kalikonse, aphunzitsi?"

"Anangoti adzatenga foni pobwera."

"Tsiku lija anaona yekha kuti chingwe chakhwefuka. Osalowa bwanji kudzatikokera? Ine foni ija ndinaipachika pampanda dala, kuti amve kuti ndamumvera. Khomo anamanga yekha, lake lomwe. Ine ndikanalowa bwanji pakhomo la mwini osaitanidwa?"

Munda wa mng'ono wawo akuusamalira ndi iwo tsopano, ndipo amati akungomusungira, adzabweza akadzabwera. Amalowera pa kachitseko kaja.

Tsiku lochokalo linali ngati masiku ena onse. A Namapesi anafika m'mawa dzuwa litakwera pang'ono, atavala nsalu yawo yopitira kutchalitchi, chikwama chili m'manja, khasu atalikulunga m'thumba. Anandipatsa foni kuti ndiitchaje. Ndinayang'ana n'kuona kuti moto unali wodzaza, koma ndinailumikiza monga mwa nthawi zonse n'kuwakokera mpando.

"Lero sindikhala, aphunzitsi. Ndidzatenga pobwera."

"Ulendo wa kuti?"

"Kuno ndanena kale zonse," anatero, akumwetulira pang'ono. "Tsalani bwino."

Ndinkayesa akupita kukasulitsa khasu, choncho sindinafunsenso. Anatsika pakhonde n'kutenga njira yodutsa kuminda. Pa nandolo paja anaima, n'kukoleka chinthu pa kachitseko. Pambuyo pake tinapeza kuti chinali chingwe chija ndi zikhomo zake ziwiri. Kenaka anapitirira mpaka kumsewu waukulu, pamene magalimoto opita mbali zonse ziwiri amaima. Abambo a pabenchi anawaona ataima pamenepo, koma mpaka lero amatsutsana za mbali ya msewu imene anaima.